Mzere Wotsala M'kope

Penshoni inalowa Lachinayi.
Loweruka ndinagula kope la masamu ndi pensulo,
bolopeni ayi,
mtengo wa simenti sulembedwa ndi inki.

Zaka makumi atatu ndinkawerengera ena ndalama
mu ofesi yopanda zenera ku Ginnery Corner.
Lero ndikuwerenga zanga,
ndipo zala zikunjenjemera ngati za kalaliki watsopano.

Puloti ili ku Chilobwe, kumtunda
kumene minibasi imathera mpweya.
Jawadu, amene anandipezera malowo,
anajambula pansi ndi nsonga ya nsapato:
"Bwana, zitseko zinayi apa.
Zaka zisanu yanu yabwerera,
kenako muzidya muli gone."
Yake ya pamwamba anadyeratu ali chilili.

Tsamba lakumanzere, zotuluka.
Njerwa, mchenga ndi lole yake,
malata, misomali, a khonsolo ndi chidindo chawo,
mita ya magetsi imene ndidzaidikire mpaka ndevu kuyera.
Mmisiri Kandulu akuti matumba zana limodzi.
Ine ndalemba zana ndi makumi awiri,
chifukwa matumba ena amamera miyendo usiku.

Lolemba ndinazungulira mahadiweya a ku Limbe
kukopera mitengo.
Lachisanu wailesi inati kwacha yatsikanso.
Ndinafufuta, ndinafufuta,
pepala mpaka kubooka.

Tsamba lakumanja, zolowa.
Zitseko zinayi kuchulukitsa ndi miyezi khumi ndi iwiri,
amatero amene sanatolerepo lendi.
Chaka cha landilodi chili ndi miyezi khumi basi.
Januwale ndi wa fizi,
ndipo sipalephera wina wogwa maliro kumudzi,
kapena wosamuka tambala asanalire,
kusiya bilu ya madzi
ndi kiyi pansi pa mwala.
Ndikudziwa bwino.
Ndinachitapo ku Mbayani ndili mnyamata,
mayi aja ndikanawabwezera akanakhala moyo.

Zaka zisanu za Jawadu zafika zisanu ndi zinayi.
Ine ndili ndi makumi asanu ndi limodzi, kudza shuga.
Zimenezonso ndaphatikiza,
chapambali, m'malemba ang'onoang'ono.

Nanyoni anaika tiyi pa tebulo,
maso ake akuyenda m'mizere yanga pang'onopang'ono.
Sanafike patali ndi sukulu
koma anapeza chimene chikusowa:
"Nanga phirilo mwalilemba pati?"

Sindinayankhe.
Soche tonse timamudziwa,
tinamumva usiku uja wa Malichi
akutsika ndi matope kudzagogoda pa zitseko za anthu.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakwera ndekha.
M'malire mwa puloti muli chimwala
chachikulu ngati minibasi,
mtsikana atayanikapo mayunifolomu awiri.
Ndinafunsa ngati chinalipo kale.
"Ayi agogo, chinabwera.
Apa panali nyumba ya a Namagonya."
Anatembenuza malaya kuti aume mbali inayo.

Kumunsi tauni yonse inali mbee, malata okhaokha,
denga lililonse masamu a munthu wina
amene anakhala pansi ngati ine
n'kunena kuti zitheka.

Kopelo lili pa tebulo mpaka lero.
Banki ikuti ndalama zikagona kwa iwo zibereka,
msika ukuti zikuwonda tsiku ndi tsiku.
Jawadu waimba kanayi,
akuti pali wa ku Joni amene akufuna pomwepo.

Pansi pa misomali ndajambula mzere wina,
ndalemba kuti Phiri.
Kutsogolo kwake pensulo yangoima.