Lamya Yobiriwira

Naini koloko m'mawa ndimanyamula lamya yobiriwira,
ndimadina batani, n'kudikira.
Imalira kumpoto, m'chipinda chomwe sindinachionepo,
koma ndimachidziwa:
muyenera kukhala tebulo, chithunzi cha mtsogoleri pakhoma,
ndi munthu wouzidwa kuti asayankhe.

Ikalira kakhumi ndi kawiri ndimaibweza pamalo pake.
M'kaundula ndimalemba: Sanayankhe.
Faifi koloko madzulo, chimodzimodzi.
Lero ndi tsiku la mazana anayi ndi asanu,
cholembera chachitatu chatha inki
pa liwu limodzi lomwelo.

Kale ankayankha.
Mawu okhuthala, a munthu wokonda fodya.
"Mukundimva?" "Ndikukumvani."
Basi. Lamulo silinkalola kupitirira apo,
ngakhale kufunsana maina.
Koma chaka china, chipale chitakwirira bwalo, anatsokomola,
ine pakamwa panandipulumuka:
"Mukamwe madzi otentha a jinja."
Kunali zii. Kenako, chapansipansi, "Ndamva."
Ndinalemba lipoti la masamba atatu
kufotokozera akuluakulu za jinja ameneyo.

Akuluakuluwo amakumana m'mahotela akutali.
Amakangana kuti tebulo likhale lozungulira kapena ayi,
ndani alowe pakhomo poyamba,
mbendera ya yani yatalika ndi chala chimodzi.
Liwu loti "posachedwa" linawadyera usiku wonse.
Amagwirana chanza kamera zikung'anima,
ndege zawo zisanatere kwawo
mzinga wadutsa kale pamwamba pa nyanja.
Ana a tsidya lina amalowa pansi pa madesiki,
sitima zankhondo zimasendera kufupi,
mafoni onse m'basi ya ku Munsan amalira pamodzi.
Timayang'anapo, n'kubweza m'matumba.
Mkazi wanga Gwi-ok satukula n'komwe mutu,
amangothira mchere pa kabichi wake.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Nkhono iyi inalowa m'chigoba itafumbata bomba,
ndipo aliyense woyandikana nayo
akunola chake kuseri kwa nyumba.

Sabata yatha asodzi a nkhanu anavuula mtembo.
Mwamuna wa zaka ngati makumi atatu,
baji ya kwawo idakali pachifuwa,
m'thumba muli supuni yopindika
ndi chithunzi chomwe madzi amchere anadya nkhope zake.
Ali mufiriji ya chipatala cha boma,
nambala itamangidwa kuchala chakuphazi.
Uthenga wanga unali waufupi: Dzatengeni mwana wanu.
Kakhumi ndi kawiri. Sanayankhe.

Ndiye Kaputeni Eom anandipatsa chimkuzamawu.
Ndinayenda mpaka pamzere wa simenti,
kamzere koti mwana wokwawa angakadumphe,
ndinaima, nsonga za nsapato zanga zisakukhudza,
n'kufuula m'chinenero chomwe tonse tinayamwa:
msinkhu wake, chipsera chapachibwano,
supuni ija.
Mawu anga anagunda khoma lawo n'kundibwerera.
Msilikali wina anatuluka ndi kamera,
anandijambula kuyambira kumutu mpaka kumapazi,
analowa, katani n'kutsekeka.

Kwinakwake kuseri kwa mapiri awo
mayi akuikabe mbale yowonjezera pamphasa.
Palibe chikalata cha mgwirizano
chomwe chili ndi ndime yonena za iyeyo.

Lachisanu tidzamuika tokha,
ine, Kaputeni, ndi wokumba manda wa khonsolo,
mutu kuloza kwawo.
Supuni adzasunga m'envulopu, mwina kudzakhala tsiku.

Usiku uno pa wailesi akuti nthumwi zikumananso
mwezi wamawa, kapena winawo.
Gwi-ok wazimitsa, akuti mpunga ukuzizira.

Ndagula cholembera chatsopano.
Mawa naini koloko ndidzadinanso batani,
ndipo, izi sindilemba m'kaundula,
ikamalira kachisanu ndi chinayi, kakhumi,
ndimagwira mpweya,
chifukwa nthawi zina ndimamva
ngati wina waima pafupi ndi lamyayo,
dzanja m'thumba,
akuletsa chifuwa kuti chisatuluke.