Mfundo ya Ejvind

Tinanyamuka ku Skive Loweruka, anthu khumi ndi atatu,
m'kabasi komwe Bodil anabwereka kwa mlamu wake,
konunkha galu ndi maapozi.
Masikafu m'khosi, ofwifwa ngati eni akefe.
Preben anatenga mapu, chonsecho njira ya ku Fur
tingaiyende titatsinzina.
Akuti sikauti wopanda mapu ndi mlendo wamba.
Tazimva zimenezi zaka makumi anayi.

Chombo chimawoloka khofi asanazizire.
Kutsidya, Solvejg anawerenga mitu
monga ankawerengera atsikana ake kumsasa kalelo.
Khumi ndi atatu.
Chaka chatha tinali khumi ndi asanu.
Sananene zimenezo, anangotseka kabuku.

Ejvind anatsika pomalizira.
Dzina langa analitaya chisanu chapitachi,
la mkazi wake, Gudrun, limabwera n'kupita
ngati mphaka wa eni.
Sikafu amachita kum'manga Gudrun m'mawa,
iye n'kumaiyang'ana, kudabwa kuti ndi yachiyani.

Pamwamba pa phompho la dothi lotuwa
tinakunga chinsalu cha tenti kuti chikhale denga.
Buledi wakuda, nsomba za m'viniga, mazira owiritsa,
keke ya Bodil yopserera m'mbali, monga mwa mwambo.
Thorkild ndi Preben anayambanso mlandu wawo uja:
anagwera mumtsinje ndi mphika wa phala ndani,
chaka chija mvula inatisamutsa usiku?
Mboni zonse zinamwalira kapena zimakondera.

Mphepo ya kumadzulo inafika yosaodira.
Chingwe chimodzi chinapulumuka pamtengo,
chinsalu phaa! phaa! kumenya mbale,
mazira kugubuduzika kulowera kunyanja.
Preben anamanga, chinamasuka.
Ndinamanga ine ndi zala zanga za nyamakazi, chinamasuka.
Ife, amene tinaphunzitsa ana mazanamazana,
tinali njenjenje ndi kachingwe konyowa
ngati sitinakaonepo.

Sindinamuone akuimirira.
Ndinangoona manja aatali aja, amawangamawanga,
akundilanda chingwe mosapempha.
Kupinda, kulowetsa, kuzunguliza, kukoka.
Kamodzi kokha.
Chinsalu chinati zii.

Kenaka anatembenukira Preben,
mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu,
dazi lili nyezinyezi ndi mvula,
n'kumuuza kuti, "Waona, mnyamata iwe?
Mawa udzamange wekha."
Preben anaima chilili, zala zitatu pachipumi.
"Ndamva, mtsogoleri."

Tinaseka mpaka kutsokomola.
Gudrun yekha anafulatira, ati akufuna mpango m'chikwama,
ndipo anaufuna nthawi yaitali.

Mvula inaimba ng'oma padenga lathulo ola lathunthu.
Tinamwa khofi wotsala, mawondo atagundana.
Ejvind anadya keke yopserera, zidutswa ziwiri,
n'kundifunsa mwaulemu ngati ndimakhala konkuno.
Ndinati ayi, ndangobwera ndi anzanga.
Anati ndi anthu abwino, akuoneka.

Popasula, Thorkild anagwada kuti amasule mfundo ija.
Gudrun anam'gwira paphewa.
Anapempha mpeni.
Anadula chingwe uku ndi uku,
chingwe cha gulu, chogulidwa ndi ndalama za msonkhamsonkha,
ndipo Bodil, msungichuma wathu
amene amalemba ngakhale mtengo wa machesi,
anayang'ana mbalame.

Mfundoyo inalowa m'chikwama,
pakati pa makiyi ndi kabotolo ka mapilitsi a madzulo.

Pachombo Solvejg anawerenganso mitu.
Khumi ndi atatu, ananena mokweza ulendo uno.
Mwezi wamawa tikaona nyumba yosungira zakale ku Viborg,
kulibe mphepo, kulibe chomanga.
Preben akuti adzatenga mapu.
Ejvind anagona, mutu pagalasi,
koma zala zake pamwendo
zinali zikugwirabe ntchito.