Mano Obuntha

Orsolya anandikoleka m'khosi kagalasi kokulitsa zinthu,
nati: Gwada. Choimirira suona kanthu kuno.
Ndinagwada. Mchenga wa ku Kiskunság unandiwotcha mawondo
ngati ndinaulakwira kalekale.

Zaka makumi atatu ndagawa makalata ku Kecskemét,
ndikudziwa chitseko chilichonse, galu aliyense ndi dzina lake,
koma pano udzu wonse wavala nkhope imodzi.

Ili apa! ndinakuwa.
Tsinde lowonda ngati waya, timaluwa tapinki tothinana pansonga.
Iye sanathamange n'komwe.
Anafika akupukuta thukuta ndi chipewa,
natukula duwalo chibwano ndi chala chimodzi.
Taona kachikho kamene kaligwira kunsiku.
Mano ake ndi otani?
Osongoka, ndinayankha.
Ndiye ndi msuweni wake ameneyu, wa ponseponse.
Lathu lija mano ake ndi obuntha, ngati a nkhosa yokalamba.

Kasanu konse ndinakuwa. Kasanu anapukusa mutu.
Dzuwa linafika paliwombo, madzi a m'botolo atafunda ngati tiyi.
Anandiuza za muzu wake wotsika pansi penipeni
kulondola chinyezi chimene mvula inasiya mwangozi,
za mitengo ya paini yobzalidwa m'mizere
imene inaliba dzuwa pamalo pomwe linkamera,
ndi kuti anzake akafota pakati pa chilimwe
ilo limangopitiriza, limodzi lero, lina mkucha,
kufikira chisanu chitaliluma.

Pobwerera, mchenga unadzaza nsapato yanga yakumanzere.
Ndinakhala pansi pafupi ndi chitsamba cha junipa kuti ndiukhuthule,
ndipo pambali pa chidendene, pang'onong'ono ndiliponde,
masamba otuwa ngati awazidwa phulusa,
timaluwa titatu totumbuluka, phee.

Ulendo uno sindinakuwe.
Ndinagona chafufumimba, galasi padiso, mpweya nditaugwira,
nyerere ikuyenda padzanja langa osaisasa.

Obuntha.

Orsolya anayang'ana nthawi yaitali, osanena kanthu,
kenaka analemba m'kabuku kake: makumi anayi ndi chimodzi,
nabaya kandodo kofiira pambali pake.
Ine ndinaloweza chitunda, junipa, mtengo wouma wopendekeka uja,
monga ndinkalowezera nyumba yopanda nambala pachitseko
kumapeto kwa msewu wafumbi,
kumene kalata imapita kamodzi pachaka
ndipo uyenera kukhala ukudziwa njira.