Dzina Langa Ndi Funso

Anandipatsa dzina loti Tikambenji,
ngati ankadziwa kuti tsiku lina
ndidzaima pansi pa mtengo wa mango ku Chiparamba,
mapepala khumi ndi anayi m'manja,
lilime litauma gwa ngati chikopa cha mbuzi.

Ndinawerenga onse. Sindinalumphe mzere.
Mawu a ku koleji ndinawakhuthula
monga lole ikhuthulira mchenga:
mapelesenti, zaka, mayina a tizilombo
otalika ngati msewu wa ku Lundazi.
Alimi anaomba m'manja, poti ulemu ali nawo,
koma Amai Tisaine anali atasinza kalekale,
mwana kumbuyo, duku litapendekeka.
Pobalalika ndinamva wina akufunsa mnzake:
"Kodi mtsikanayu wati feteleza abwera liti?"
Ine za feteleza sindinatchuleko n'kamodzi komwe.

Pobwerera, tayala la njinga linaphwa.
Ndinaikankha mpaka pa Kapata,
kwa a Daka, a manja akuda bii ndi girizi.
Iwo sanandiuze kumene mphira amachokera.
Anapopa chubu, n'kuchimiza m'beseni.
"Penya apa."
Timathovu tinatuluka mondondozana.
"Waona? Ika chala. Wamva kamphepo?
Munga unalowera pamenepa. Osati pena, apa."
Anandiyang'ana m'maso
mpaka mutu wanga utavomera,
kenako anakhala chete, n'kumata.
Phunziro lonse, mawu osakwana makumi awiri,
ndipo lero lomwe ndikhoza kumata chubu ndekha.

Usiku umenewo ndinafunsa mapepala anga:
mwa inu nonse, thovu lili pati?

Lachinayi ndinabwerera pansi pa mango uja
ndi nsawa za Chalimbana m'matumba awiri a siketi.
Ndinayamba ndi kufunsa:
"Ndani amawaza madzi pa nsawa
kuti makoko afewe poswa?"
Anasekerana. Manja anakwera pang'onopang'ono,
dzanja la a Sakala likubisala kuseri kwa chipewa.
Ndinaswa imodzi, yofiira bwino, yonona.
Ndinaswa ina, yofota, yobiriwira ndi chuku,
n'kuipereka kuti iyende dzanja ndi dzanja.
"Nunkhizani. Poizoni amakhala m'menemu,
ndipo moto samupha.
Kukazinga sikumupha, kuphika sikumupha."
Ndinanena kawiri, chifukwa mphepo inaba koyamba.

Zinthu zitatu zokha ndinawasenzetsa,
katundu woti munthu afike naye kunyumba:
musawaze madzi,
yanikani pa thandala osati padothi,
zofota musasinjire phala la mwana.

Amai Tisaine, maso ali gwa tsopano, anaimirira:
"Nanga zoolazo tikapatsa nkhuku?"
Mtima unagunda. M'mapepala munalibe.
Bodza linali pafupi, losalala, lovala bwino,
koma ndinati, "Sindidziwa bwinobwino, amai.
Ndikafunsa ku Msekera, ndibwera nalo yankho."
Palibe anandiseka.
Ena anasendeza mipando kufupi.

Ndinasiya kulankhula dzuwa lisanafike pamutu,
mawu ena akadali m'kamwa,
anthu akadali ndi njala ya kumva.
Tsikulo sanaombe m'manja kwambiri.
Anali otanganidwa, akuswa nsawa zanga,
akukangana kuti yachuku ndi iti.

Papita miyezi isanu.
Dzulo, m'minibasi ya ku Katete,
mai wina amene sindimudziwa,
thumba la nsawa pamiyendo,
amauza mnzake mokweza, chala m'mwamba:
"Iwe, osawaza madzi. Moto sumupha poizoni uja."
Ndinatembenuka, ndinafunsa,
"Anakuuzani ndani zimenezi, amai?"
Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato,
nati, "Aa, mwanawe, izi n'zodziwika kale.
Kodi kwanu sakuphunzitsani?"

Ndinayang'ana pawindo, mapiri akubwerera m'mbuyo,
kondakitala akuitanitsa ndalama.
Dzina langa silinamveke m'basimo,
koma mawu anali atakhala pampando wawo,
atalipira okha,
akupita kumene ine sindinafikeko.