Usiku wa Lachinayi pa Kamwendo

Makina oyenga mafuta akatonthola,
fungo la mtedza limatsalira m'denga,
ine ndi Sekanawo n'kuzimitsa mababu onse.
A Kadammanja, alonda, amatiseka ali pa geti:
"Amagetsi a makono! Ntchito yawo n'ja mumdima ngati afisi."

Tochi yanga siwala ngati zinzake.
Kuwala kwake n'kofooka, mtundu wa duwa la mbatata,
koma ndikailoza pa nthambo yopita ku mota wamkulu
khungu la pulasitiki limadzuka,
kubiriwira ngati ziphaniphani zagona pa mzere.
Amene anaumba khunguli anathiramo kautoto,
pang'ono chabe, ngati mchere wa m'ndiwo za wodwala,
kuti likayamba kukalamba lizidziulula lokha.

Masana waya aliyense ndi mnyamata,
wakuda bii, wosalala, ukhoza kulumbira.
Chigayo cha amalume ku Kapiri chinali ndi waya wotero.
Loweruka ndinamusisita ndi dzanja langali,
Lolemba tinkatola misomali m'phulusa.

Sekanawo ali pambuyo ndi choko ndi kope.
Tikwawa pansi pa thanki, mawondo m'gaga wa mtedza.
Kubiriwira, kubiriwira, kubiriwirabe,
mpaka pa khona pamene nthambo ikhotera kuseri kwa ng'anjo.
Apa mtundu wasintha.
Wayamba chikasu ngati fodya wa m'chigafa,
kenako wafifia,
kenako palibe, mdima wa kutalika ngati chala,
gweru m'kamwa mowala.

"Ndilembe mamita awiri?"
Lemba atatu, mwanawe.
Ukalamba suthera pamene wathera maso.

Mawa a Chidzanja adzagwira nthamboyi, adzaipinda,
adzati, "Yabwinobwino iyi, mukufuna kundidyera."
Sindidzakangana nawo dzuwa likuwala.
Ndidzawapempha abwere usiku, asiye foni m'galimoto,
agwade pamene ndagwada ine.

Tikutuluka, Sekanawo wandilanda tochi,
wailoza pa dzanja lake, wailoza pa chifuwa changa.
Zawala ndi zikhadabo zokha,
ndi sopo wotsalira mu kolala ya malaya.
Sanaseke.
Amayi ake agona ku chipatala cha pa Boma sabata yachitatu,
mayi amene mwezi wathawu ankasenza okha thumba la soya
anthu n'kumati, koma ndiye mphamvu.

"Bwenzi atatithirako ifenso," watero,
akupukuta galasi la tochi ndi mpendero wa ovolosi.

Ndilibe chomuyankha.
Ndamanga tepi yofiira pa swichi ya ku ng'anjo,
ndalemba tsiku, ndasayina.
Panja mphepo ya ku Zambia ikugwedeza malata,
a Kadammanja akuwotha moto m'chitini,
ndipo nthambo za mumsewu, zimene zilibe utoto,
zikung'ung'udza pamwamba pathu
osanena kanthu.