Basi Isanadzaze

Pa siteshoni ya Chawama, Lolemba m'mawa,
minibasi inaima kukamwa yasa,
mipando itatu ikusowabe eni ake.
Dalaivala ankaliza injini monamizira
kuti tiziyesa tikunyamuka pompano.
Ine ndinali pakona, envulopu yakhaki pamaondo,
masatifiketi a zaka zinayi zapitazo
atafota m'mphepete ngati nkhwani za dzulo.

Ndiye anakwera bambo Edisoni Njobvu,
jekete lofiirira, chigamba chakuda pachigongono.
Salipira iwowa, sakhalanso pansi.
Anaima chowerama, nkhongo ikugunda denga,
natsegula buku lawo lomata ndi selotepi.

"Abale, ndani muno akuyembekezera?"

Kumpando wakumbuyo kunaphulika phwete.
Mayi wina, chitenje atamangira pachifuwa,
anakweza dzanja lotupa zala:
"Ine abusa. Mwezi wachisanu ndi chitatu uno."
Kondakitala anaseka mpaka kugwetsa makobidi.

"Ulaliki wanga mwandilanda, mayi.
Koma tandiuzani, nkhope yake munaiona?"
"Ayi."
"Nanga matewera?"
"Asanu ndi limodzi, a ku Soweto,
ndi kabafa kapulasitiki kobiriwira."

"Mwamva inu?
Mwana sanamuone, koma bafa lili m'nyumba.
Ena mumati chiyembekezo n'kukhala pakhonde
maso kumwamba, manja m'thumba.
Funsani mayiwa.
Chimalemera, chimatupitsa mapazi,
chimakumenya m'nthiti pakati pa usiku
magetsi atapita,
chimakudyetsa dothi anthu akuona.
Koma kukankha komweko
ndiye uthenga wakuti chili moyo.
Mulungu akalonjeza, gulani bafa."

Ameni anayenda mpando ndi mpando.
Kwa ine anafika atatopa.

Ndinakumbukira mlongo wanga Tisauke
tsiku lomwe tinachoka naye ku UTH,
matewera ali chipindire m'chikwama,
mkaka ukunyowetsa bulauzi popanda woyamwa.
Ndinayang'ananso envulopu yanga,
mimba ya zaka zinayi
imene maofesi onse a mu Kairo Rodi aipima
n'kunena kuti tidzakuimbirani.

Mawu anandipulumuka okha:
"Nanga yopita padera, abusa?"

Basi yonse zii.
Ngakhale dalaivala anachotsa phazi.
Kunja mnyamata ankaitanira mazira owiritsa.

Bambo Njobvu anatseka buku,
chala chimodzi chitatsalira m'kati.
Sanandiyang'ane ine.
Anayang'ana matope a pansapato zawo.

"Mayi a kunyumba, a Velesi, kawiri.
Wachiwiriyo tinali titamutcha kale dzina."
Anameza malovu.
"Vesi la pamenepo ndilibe, mwanawe.
Ndalifunafuna, masamba mpaka kuthothoka.
Chimene ndingakuuze n'chakuti
bafa lija sitinataye.
Mvula ikagwa timatchingira padenga podontha,
Loweruka amachapiramo jekete lino.
Ana a aneba asambiramo asanu.
Sindidziwa ngati kumeneko n'kuyankhidwa.
Ndingodziwa kuti silinakhalepo louma."

Palibe anati ameni.
Agogo ena a dengu la impwa anakwera,
kenako asungwana awiri a yunifolomu,
kondakitala n'kumenya chitseko: tiyeni!

Mlaliki anatsika chambuyo,
osatambasula ngakhale dzanja la chopereka.
Mayi woyembekezera uja
anaponya makwacha awiri pawindo,
ndalama n'kugwera m'chithaphwi.
Ndinawaona akupinda mkono wa jekete,
akufufuza m'madzi akudawo,
buku atalipana m'khwapa kuti lisanyowe.

Tinadutsa Misisi mwakachetechete,
madzi a mvula ya Lachisanu akadali m'makomo,
amayi akuyala njerwa zopondapo
kuti ana afike kusukulu ndi masokosi oyera.

Pa maloboti a ku Kafue Rodi
mayi uja anandigwira paphewa:
"Achimwene, kolala yanu yapindika."
Anaiwongola yekha, ngati ndine wake.

Ndinatsika m'tauni.
Mnyamata wopolisha nsapato anati makwacha asanu,
yomwe inali ya basi yobwerera.
Ndinaika phazi pakabokosi kake.