Munthu Wopanda Mafupa

Ndinatsika basi ku Park Station
ndi chikwama, mapensulo asanu ndi limodzi,
ndi nambala ya msuweni wanga Likongwe
amene sanayankhe foni mpaka Lachinayi.

Joni sanandifunse kuti ndimajambula chiyani.
Anandipatsa siponji ndi ndowa
pamalo otsukira magalimoto ku Yeoville.
Pagalasi lathovu chala changa chinkaba nthawi ya bwana:
diso, mphuno, chibwano chopindika,
kenako madzi khuthu, nkhope yapita.

Usiku, m'chipinda cha anthu anayi ku Berea,
laputopu yogula kwa munthu wothawa lendi
inkalira ngati chigayo cha dizilo.
Ndinkaphunzira kuyendetsa kamunthu kotuwa,
kopanda mafupa, kopanda kwawo.
Zithunzi makumi awiri ndi zinayi
kuti sekondi imodzi ipume.
Kamunthu kanga kankatsetsereka ngati kaponda therere.
Magetsi n'kuthima ndisanasunge ntchito.
Ndinkatukwana chamumtima, poti anzanga agona.

Ku situdiyo ya ku Braamfontein
mayi Refilwe anaonera ntchito yanga ataimirira,
khofi m'manja, theka la mphindi basi.
Anati: Akuyenda, inde. Nanga akupita kuti?
Wadya? Ali ndi ngongole?
Udzabwere ukadziwa chimene chikumulemera.

Mkwiyo unandiperekeza mpaka pa Bree.
Pamenepo, pamzere wa matakisi, maso anatseguka.
Mayi wa mapeyala amayamba ndi chiuno asanasenze dengu.
Mlonda woweruka m'mawa amakoka phazi lamanzere
ngati lamulakwira.
Mnyamata wopanda mapepala akaona yunifolomu
mapewa amathawa miyendo isanamve uthenga.
Ameneyo sindinamujambulire pamsewu.
Ndinangoima pagalasi la kubafa.

Miyezi isanu ndi iwiri.
Kamunthu kaja ndinakapatsa bondo la malemu bambo anga,
lija linathyoka paesiteti ya tiyi ku Thyolo:
kaimidwe kaja asanakwere sitepe,
dzanja lofunafuna khoma,
ndi kutsokomola konamizira kuti tisaone ululu.
Mayi Refilwe sanayamikire.
Anakoka mpando. Anabwereza kachiwiri, kachitatu.
Khofi anazizira.
Lolemba, eyiti koloko, anatero. Ndalama zake n'zochepa, usanyade.

Chaka choyamba anandipatsa zikope za anthu a ena.
Ine kuphethiritsa, kuphethiritsa, mpaka kulota ndikuphethira.
Kenako khamu lakumbuyo limene palibe amaliyang'ana,
kenako botolo la sopo lovina pamalonda a pa TV.
Kontirakiti inatha mu Juni, kuzizira kuli pakhosi,
ndinabwerera ku siponji milungu khumi
dzanja lamanja litatupa kale ndi mbewa ya kompyuta.
Anandiitananso. Ntchito iyi imabwera ngati mvula ya kuno,
ndi mabingu, madzulo, usanaanule zovala.

Tsiku limene dzina langa linakwera pasikirini,
Sankhani Mbewe, anaiwala h,
ndipo linadutsa msanga kuposa takisi ya ku Soweto.
Ndinalijambula ndi foni. Chithunzi chinatuluka mbuu.

Amayi pafoni funso lawo ndi limodzi:
Kodi ntchito yeniyeni waipeza, kapena ukadali pa zidole?
Mlongo wanga Mwandida anawaonetsa kagawo kena,
nkhalamba yogulitsa maambulera ikukwera masitepe atatu.
Akuti anakhala chete, foni ili pafupi ndi mphuno,
kenako anati: Bwezera.
Kenako anati: Uyu wamuona kuti?
Kenako anatuluka panja kukaanula zovala zosauma.

Tsopano ndili ndi desiki pafupi ndi zenera,
njanji zikuoneka pansi pa mlatho.
Dzulo kunabwera mtsikana wa ku Tembisa, Keitumetse,
ndi kamunthu kake kotsetsereka.
Ndinayamba kumufunsa kuti kakupita kuti,
koma ndinaona mmene wagwirira lamba wa chikwama chake,
zala zoyera m'mfundo.
Ndinamukokera mpando kaye.

Nsidze ya nkhalamba ija ikuchedwa ndi zithunzi ziwiri.
Akuifuna mawa m'mawa.